Nandolo yense asapite ku India: phunziro la kaphikidwe

Cholinga cha phunziro

Pomaliza phunziro ili, mayi aliyense adziwe kumene nandolo wathu amapita ndi mmene amamudyera kumeneko. Athenso kusenda nandolo pakhomo, kuphika zakudya zingapo za anthu a ku Bengal pogwiritsa ntchito zomwe zili m'munda ndi pa msika wathu, ndiponso kugwirizana ndi bambo kunyumba za nandolo amene atsale osagulitsa.

Tiyambire pa msika wa Limbuli

Amene munafikapo pa Limbuli m'miyezi ya Ogasiti, Seputembala ndi Okutobala mukudziwa mmene pamakhalira. Masikelo amakhala atapachikidwa m'mbali mwa msewu wopita ku Muloza. Njinga zimafika zitalemedwa ndi matumba, zina kuchokera m'midzi ya kwa Njema, zina zitadutsa malire kuchokera ku Milange m'dziko la Mozambique. Ambiri mwa matumbawo amakhala a nandolo. Malole amamutenga kupita naye ku Limbe ndi ku Blantyre, ndipo wochuluka amakakwera sitima zapamadzi ku Nacala kapena ku Beira, ulendo wa ku India.

Dziko la India ndi limene limalima nandolo wambiri padziko lonse, koma eni ake amamudya kwambiri moti wawo sawakwanira. N'chifukwa chake amagula wathu. Koma msika umenewu ulibe chibale. Mu Ogasiti 2017 boma la India linalamula kuti nandolo wolowa m'dzikomo asapitirire matani 200,000 pa chaka. Mtengo kuno unagwa, ndipo alimi ambiri anangokhala ndi matumba m'nyumba, wogula osaoneka. M'chaka cha 2021 maiko a Malawi ndi India anagwirizana kuti India azigula matani 50,000 pa chaka kwa zaka zisanu. Zonsezi zikutiphunzitsa kuti mtengo wa nandolo wathu umakonzedwa kutali, ndi anthu amene sitidzawaona.

Pamene nandolo akutuluka chonchi, kunyumba kumatsala chiyani? Kafukufuku wa boma wa zaka za 2015 ndi 2016 anapeza kuti ana 37 mwa ana 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'Malawi muno ndi opinimbira. Chimodzi mwa zifukwa zake ndi kudya chakudya cha mtundu umodzimodzi tsiku ndi tsiku. Komatu mu nandolo wouma, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi zomanga thupi. Tikagulitsa yense mu Seputembala, pofika Januwale timakhala tikusaka ndiwo, ndalama ija itatha kale.

Tikafunsa amayi chifukwa chimene nandolo wouma sasungidwa, mayankho amakhala atatu: amatha nkhuni, amafumbwa msanga, ndipo ana amatopa naye. Mavuto atatu onsewa anzathu amene amagula nandolo wathu anawapezera njira kalekale. Akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Tiyeni tione kalumo kawo.

Ku Bengal ndi kuti?

Bengal ndi dera lomwe lili kum'mawa kwa India. Mbali ina ndi chigawo cha West Bengal m'dziko la India, mbali ina ndi dziko la Bangladesh. Mzinda waukulu wa West Bengal ndi Kolkata, umene kale unkatchedwa Calcutta. Ambiri mumaudziwa chifukwa ndi kumene Mayi Teresa ankatumikira osauka. Kumpoto kwa chigawochi, m'mapiri a Darjeeling, amalima tiyi monga momwe timalimira kuno m'munsi mwa phiri la Mulanje. Kumeneko kumagwa mvula yambiri, kuli mitsinje ndi madambo, ndipo nthochi, mango, maungu, mabiringanya ndi mpiru zimachita bwino ngati kwathu kuno.

Chakudya chawo chachikulu ndi mpunga ndi nsomba. Koma pa mbale sipalephera ndiwo ya mtundu wa nyemba zosenda, yomwe iwo amaitcha dal. Mukaiona mudzaseka, chifukwa ndi chipere chomwe agogo athu ankaphika. Ku Bengal amakonda kwambiri dal wa mphodza, wa tchana ndi wa nyemba zina zazing'ono zofiira, ndipo wa nandolo amadyanso. Kumene nandolo amadyedwa kwambiri ndi kumadzulo ndi kummwera kwa India, monga ku Gujarat. Amwenye ambiri amene anakhazikika m'Malawi muno makolo awo anachokera ku Gujarat komweko, ndipo kudzera mwa iwo tinadziwa samusa ndi kale wothira m'ndiwo.

Tasankha khitchini ya ku Bengal chifukwa njira zake n'zosafuna ndalama zambiri. Mayi wa kumeneko sataya kanthu. Masamba a maungu amaphika, makoko a mbatatesi amakazinga, ngakhale duwa la nthochi amapangira ndiwo. Mafuta amathira pang'ono koma amadziwa nthawi yowathirira.

Choyamba: kusenda nandolo pakhomo

Chimene chimachedwetsa nandolo pamoto ndi khungu lake. Mukachotsa khungulo, njere imagawikana pawiri ndipo imapsa msanga. Anankafumbwe nawonso sakonda nandolo wosenda ngati mmene amakondera wathunthu. Mtundu uliwonse ungathe kusendedwa, kaya ndi Mthawajuni kaya Mwayiwathualimi.

1. Petani nandolo, sankhani timiyala ndi njere zofumbwa kapena zachuku.
2. Muviikeni m'madzi kwa maola anayi kapena asanu.
3. Tsanulani madzi, muyanikeni pa mphasa yoyera padzuwa kwa masiku awiri kapena atatu, kufikira njere ikamaphwanyika mukailuma.
4. Perani mopepuka pa mphero, kapena sinjani mosalimbitsa dzanja mu mtondo. Cholinga ndi kugawa njere, osati kupanga ufa.
5. Petani ndi lichero. Makoko apatseni nkhuku kapena mbuzi. Timisere tating'ono musataye, sinjani tikhale ufa wothira m'phala la mwana.

Ngati kuli mitambo, mutha kukazinga nandolo pang'ono m'phale, kumusiya azizire, kenako n'kupera. Wokazingayu amakhala ndi fungo lokoma. Sungani nandolo wosenda m'chidebe chouma chotseka bwino. Ntchitoyi imapepuka amayi akamagwirira pamodzi, lero kwa uyu, mawa kwa uyo.

Chachiwiri: chipere chotsira mafuta onunkhira

Chinsinsi chachikulu cha ku Bengal ndi chimene iwo amachitcha phoron. Amatenthetsa mafuta pang'ono, n'kuponyamo njere zonunkhira, ndipo zikangothetheka amatsira mafutawo m'ndiwo. Fungo la njere limalowa m'mafuta, mafuta n'kulifalitsa mumphika wonse. Iwo amasakaniza njere zamitundu isanu, koma ife tiyambe ndi imodzi yomwe tili nayo kale: njere za mpiru. Siyani mitengo ingapo ya mpiru m'dimba ichite maluwa ndi kubereka, kololani njerezo zikauma, sungani m'botolo.

Zofunika pa banja la anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi:

- makapu 2 a nandolo wosenda
- makapu 6 a madzi
- theka la kasupuni ka tiyi ka manjano, ufa wachikasu uja m'masitolo amaulemba turmeric, kapena kasupuni kamodzi ka kale
- masupuni aakulu 2 a mafuta ophikira
- kasupuni kamodzi ka njere za mpiru
- anyezi mmodzi, adyo timagawo 3, tomato 2
- tsabola wa kambuzi mmodzi, ngati mumadya
- mchere wa ayodini ndi ndimu limodzi

Tsukani nandolo, muviikeni kwa ola limodzi, ndipo muphikeni ndi madzi ndi manjano. Thovu likabwera pamwamba liwauleni. Pakatha mphindi 30 kapena 40 amakhala atafewa. Tikitani ndi mthiko, thirani mchere, ndipo ngati walimba onjezerani madzi otentha. Apa patulani gawo la mwana wamng'ono tsabola asanalowe.

Tsopano ikani mafuta m'kapoto kena. Akatentha ponyanimo njere za mpiru, vundikirani pang'ono chifukwa zimadumpha. Zikasiya kuthetheka thirani anyezi ndi adyo, afiire pang'ono, kenako tomato ndi tsabola. Tsirani zonsezi m'chipere, vundikirani mwamsanga kuti fungo lisathawe. Patatha mphindi ziwiri phulani. Finyiranimo ndimu pogawa.

Chipere chimenechi chimayenda ndi nsima, mpunga, chinangwa chophika kapena mbatata. Kuti ana asatope nacho, sinthani zoponyamo. Lero dzungu loduladula, mawa bonongwe kapena kholowa woponya kumapeto, mkuja papaya wosapsa. M'nyengo yotentha anthu a ku Bengal amaponyamo mango osapsa kuti chipere chiwawase. Kwathu kuno mango aawisi amapezeka nthawi yomwe nandolo wangokololedwa kumene. Bwemba naye amagwira ntchito yomweyo. Koma kumbukirani kuti chowawasa chilichonse chiziponyedwa nandolo atafewa kale, chifukwa chikalowa msanga nandolo amachedwa kupsa.

Ndimu sitikuthirira kukoma kokha. Mu nandolo muli ayironi, amene amathandiza kupanga magazi, ndipo vitamini C wa m'ndimu, tomato ndi zipatso amathandiza thupi kutenga ayironiyo. Tiyi amachita zosiyana, amalepheretsa. Ife a kuno tiyi ndi mnzathu, koma mayi woyembekezera kapena amene ali ndi magazi ochepa asamwere tiyi pa chakudya. Adikire padutse ola limodzi.

Chachitatu: mpunga ndi nandolo mumphika umodzi

Ku Bengal mvula ikamagwa tsiku lonse, amayi amaphika chakudya chotchedwa khichuri. Ndi mpunga ndi dal zophikira pamodzi. Mphika ndi umodzi, moto ndi umodzi.

Tengani kapu imodzi ya nandolo wosenda kapena mphodza, muviike kwa ola limodzi. Tsukani makapu awiri a mpunga, ngakhale wosweka uja wotsika mtengo. Mumphika tenthetsani masupuni awiri a mafuta, thetheretsani njere za mpiru, kazingani anyezi, jinja wosinja pang'ono ndi manjano. Thirani nandolo ndi makapu 8 a madzi, awire kwa mphindi 20. Onjezerani mpunga, mchere, ndi zoduladula zimene muli nazo: dzungu, kaloti, mbatatesi kapena kabichi. Phikani pa moto wochepa, mukutakasa kuti zisapserere, mpaka zifewe ngati phala lolimba.

Zomanga thupi za mu mpunga kapena chimanga n'zoperewera zina, za mu nandolo n'zoperewera zinanso, koma zikakumana zimakwaniritsana. Pa magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene alangizi a zaumoyo amatiphunzitsa, mumphika umenewu muli anayi: zokhutitsa, zanyemba, zamasamba ndi zamafuta. Mukaikapo dzira kapena usipa pambali, n'kumalizira ndi nthochi kapena kachidutswa ka chinanazi, onse akwana. Chikakhala chofewa ndi chopanda tsabola, n'chabwino kwa wodwala, kwa agogo opanda mano, ndi kwa mwana amene wakwanitsa miyezi isanu ndi umodzi ndipo wayamba kulandira chakudya china pamwamba pa bere.

Chachinayi: nsomba ndi zosinja

Msuzi wa nsomba wa tsiku ndi tsiku ku Bengal umatchedwa macher jhol. Umasiyana ndi wathu pa zinthu ziwiri. Poyamba amapaka nsomba mchere ndi manjano, n'kuisiya kwa mphindi khumi, kenako amaikazinga pang'ono chabe kuti isaphwanyike. Chachiwiri, mumsuzi amaponyamo mbatatesi ndi mabiringanya zodula motalika. Motero nsomba ziwiri zimakwanira banja lonse, chifukwa mbatatesi ndi mabiringanya zimamwa kukoma kwa nsomba. Yesani ndi mlamba kapena makumba. M'mafuta otsala pokazinga nsomba ponyanimo njere za mpiru, anyezi, jinja ndi tomato, thirani madzi ndi mbatatesi, ndipo nsomba ibwerere mumphika mphindi zisanu zomaliza.

Palinso ndiwo zosinja zotchedwa bhorta, zomwe zimakondedwa kwambiri ku Bangladesh. Amaotcha biringanya pamakala, kulisenda, n'kulikanya pamodzi ndi anyezi, mchere, tsabola ndi timadontho ta mafuta. Amateronso ndi dzungu, mbatatesi kapena nthochi zosapsa zowiritsa. Ngakhale nsomba zouma amazikazinga n'kuzisinja ndi anyezi ndi adyo. Ife titha kutero ndi matemba, usipa kapena bonya. Tinsomba timeneti tikasinjidwa ndi minga yomwe, mwana amadya mosavuta ndipo amapeza zolimbitsa mafupa.

Alendo a ku China mumzinda wa Kolkata

Mumzinda womwewo wa Kolkata munabadwira kaphikidwe kena komwe lero kafala mu India monse. Cha m'ma 1778 kunafika munthu wa ku China wodziwika ndi dzina loti Tong Achew, amene anatsegula fakitale ya shuga pafupi ndi mzindawu. Malowo mpaka lero amatchedwa Achipur. Pambuyo pake kunabwera anzake ambiri, akalipentala, osoka nsapato ndi ofufuta zikopa. Ofufuta zikopawo, a mtundu wa Hakka, anakhazikika m'dera la Tangra.

Anthu amenewa anafika ndi njira yawo yophikira: kudula zinthu ting'onoting'ono ndi kukazinga mwachangu pa moto waukulu m'chiwaya chakuya. Koma zambiri za kwawo sanazipeze. Anaphika ndi zomwe zinali pa msika wa Kolkata, ndipo poona kuti eni dera amakonda tsabola, adyo ndi jinja, anazichulukitsa. Mmenemo munatuluka mpunga wokazinga, nkhuku ya tsabola, ndi zakudya zina zomwe ku China kwenikweniko saphika motero.

Phunziro lake kwa ife ndi lakuti iwo sanadikire zinthu za kwawo kuti aphike bwino. Nafenso tisadikire zam'botolo za ku Blantyre. Chiwaya cha tchipisi chija timachiona pa Limbuli n'chofanana ndi chawo. Ndipo kuphika kwachanguku kuli ndi phindu pa thanzi: kabichi kapena mpiru wokazinga mphindi zitatu amasunga mavitamini ambiri kuposa wowiritsa mpaka kusanduka wakuda.

*Mpunga wokazinga.* Phikani makapu atatu a mpunga ndi madzi ochepa kuti usamatane. Uyaleni m'mbale yaikulu yoyera, vundikirani ndi kansalu, uzizire kwa theka la ola. Pamene ukuzizira dulani ting'onoting'ono kabichi, kaloti, zitheba, anyezi ndi masamba ake, ndipo sinjani adyo ndi jinja. Ikani supuni imodzi ya mafuta m'chiwaya, kazingani mazira awiri mowavundula, aphuleni. Onjezerani masupuni awiri a mafuta, ponyani adyo ndi jinja, kenako masamba olimba poyamba, ofewa pambuyo, mukutembenuza osaleka kwa mphindi zitatu. Thirani mpunga, mchere ndi mazira aja, tembenuzani mpaka zonse zitenthe bwinobwino. M'nyengo ya nandolo wamuwisi, wiritsani kapu imodzi n'kuponyamo.

*Nyama ya soya ya tsabola.* Viikani paketi ya nyama ya soya m'madzi otentha, finyani, ndipo igubuduzeni mu ufa wa chinangwa pang'ono. Kazingani ifiire, phulani. M'mafuta otsalawo kazingani adyo wambiri, jinja, anyezi wodula mabandumabandu, tsabola wobiriwira wosawawa ndi kambuzi mmodzi. Thirani tomato wosinja, supuni ya viniga kapena madzi a ndimu, ndi theka la kapu ya madzi momwe mwasungunulira kasupuni ka ufa wa chinangwa. Msuzi ukakhuthala bwezeranimo soya. Tsiku la mlendo, chitani chimodzimodzi ndi nkhuku yowiritsa kale.

Machenjezo asanu

*Mpunga wogona.* Mabuku ambiri a zophikaphika amati mpunga wokazinga umakoma ukakhala wadzulo. Amalembera anthu okhala ndi firiji. Mu mpunga mumatha kukhala tizilombo tomwe sitifa pophika, ndipo mpunga ukakhala maola ambiri pamalo ofunda timachulukana n'kutulutsa poizoni amene satha ngakhale muutenthetsenso. Zotsatira zake ndi kusanza ndi kutsegula m'mimba. Ngati mulibe firiji, kazingani mpunga womwe mwaphika nthawi yomweyo, pasanathe maola awiri.

*Njere zamankhwala.* Mbewu ya mpiru yogula m'paketi nthawi zambiri imakhala yopakidwa mankhwala. Imeneyo ndi yodzala basi, isalowe mumphika. Chimodzimodzinso nandolo wothira mankhwala a anankafumbwe: tsatirani malangizo a pa botolo ndipo mutsukeni bwino. Matumba osalowa mpweya, monga a PICS, amasunga nandolo popanda mankhwala.

*Mchere.* Kumalesitilanti amathira sosi wa soya m'zakudya zimenezi. Sosi ameneyu ali ndi mchere wambiri, monganso timabuloko ndi timapaketi tokometsera ndiwo. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere pa tsiku, komwe ndi pafupifupi kasupuni kamodzi ka tiyi. Mukathira sosi musathirenso mchere, makamaka ngati pakhomo pali wodwala matenda a kuthamanga kwa magazi. Adyo, jinja ndi ndimu zimakometsa ndiwo popanda vuto limeneli.

*Mafuta.* Masupuni awiri kapena atatu pa banja ndi okwanira. Mafuta ochepa amathandiza thupi kutenga vitamini A wa m'maungu, kaloti ndi masamba obiriwira. Pogula sankhani olembedwa kuti muli vitamini A, ndipo pewani mafuta amene akazingidwa kambirimbiri mpaka kuda.

*Soda ndi chidulo.* Ena amathira soda kuti nandolo afewe msanga. Soda amaononga ena mwa mavitamini. Nandolo wosenda ndi woviika safuna soda. Mukaphikira pa chitetezo mbaula ndi kuvundikira mphika, nkhuni zimapitanso zochepa.

Tisunge wochuluka bwanji?

Tiyeni tiwerengere limodzi. Makapu awiri a nandolo wosenda ndi pafupifupi magalamu 400. Banja likamadya chipere katatu pa sabata, lifuna kilogalamu imodzi ndi magalamu 200 pa sabata. Kuyambira Okutobala mpaka Epulo, miyezi isanu ndi iwiri, ndi masabata pafupifupi 30, kutanthauza makilogalamu 36 a nandolo wosenda. Poti posenda pamachoka makoko ndi timisere, thumba limodzi la makilogalamu 50 lingathe kulifikitsa banjalo m'nyengo yokolola.

Sitikunena kuti musagulitse. Fizi ya ana, feteleza ndi sopo zimachokera pa sikelo pomwepo. Koma nkhani ya thumba limodzili ikambidwe m'banja nandolo asanamenyedwe, osati vendala atafika kale pakhomo. Amene munda wawo ndi waung'ono, kapena unakokoloka ndi namondwe Freddy mu Malichi 2023, akhoza kusunga ndowa imodzi kapena ziwiri. Gulu likhozanso kusonkha nandolo pang'onopang'ono wothandizira okalamba ndi ana amasiye m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale. Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mtengo wa pa msika ukhoza kukwera kapena kugwa, koma nandolo amene ali m'chidebe ndi wanu.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Chaka chatha munakolola nandolo wochuluka bwanji, ndipo munasunga wochuluka bwanji? Anatha mwezi uti?
2. Pakhomo panu amene amalamula za kugulitsa zokolola ndani? Mayi angayambe bwanji nkhaniyi mwaulemu koma mosabisa mawu?
3. Kodi amayi achikulire m'gulu lathu ankaphika bwanji chipere? Njira yawo ikufanana pati ndi ya ku Bengal, nanga ikusiyana pati?
4. Tchulani zakudya zimene ana anu anadya dzulo. Pa magulu asanu ndi limodzi aja, ndi ati amene anasowa?
5. Ndi zinthu ziti zimene timataya m'khitchini mwathu zomwe zikanatha kudyedwa?

Ntchito ya mwezi uno

Gawanani m'magulu atatu. Gulu loyamba lisende makilogalamu awiri a nandolo ndipo libwere naye pa msonkhano wotsatira. Lachiwiri lifufuze amene ali ndi mpiru wobereka njere, jinja, manjano ndi mandimu m'mudzi mwanu. Lachitatu libweretse mbaula, nkhuni, miphika ndi madzi osamba m'manja ndi sopo. Pa tsikulo phikani chipere cha nandolo wosenda mumphika umodzi ndi nandolo wathunthu mumphika wina. Mlembi alembe nthawi imene mphika uliwonse watenga ndi nkhuni zimene zapita. Itanani ana ndi abambo angapo adzalawe, ndipo ngati n'kotheka pemphani mlangizi wa zaumoyo kapena wa zaulimi wa m'dera lanu adzakhale nanu kuti ayankhe mafunso. Pomaliza, mayi aliyense anene kuchuluka kwa nandolo amene akufuna kusunga chaka chino, ndipo mlembi alembe m'kaundula kuti mu Febuluwale mudzakumbutsane.